Kodi Wolira Pomva Kuti Ali ndi TB Wataya Chikhulupiriro?

Uthenga wa sabata ino
Werengani: 2 Mafumu 20:1-7, Yohane 9:1-7, Luka 17:11-19

 Wa lero ndi wautaliko, koma chonde werengani mpaka kumapeto, chifukwa ukukhudza munthu amene mwina mumakhala naye benchi limodzi pa Sondo.

Miyezi ingapo yapitayo, Lachiwiri lina masana, foni yanga inalira. Anali mlongo wina wa mumpingo muno, mai wa ana atatu, munthu amene saphonya pemphero la usiku wonse. Wandilola kunena nkhaniyi, koma dzina lake ndalisunga. Nditayankha sindinamve mawu, ndinangomva kupuma kwa munthu amene walira nthawi yaitali. Kenako anati: "Abusa, nili ku kliniki. Ati nili na TB."

Anali atatsokomola mwezi wathunthu. Usiku ankadzuka zovala zitanyowa ndi thukuta, ndipo chitenge chinayamba kumuzungulira kuposa kale. Anagula mankhwala a chifuwa pa kantemba, anamwa mandimu ndi uchi, ifenso tinamusanjika manja kawiri. Pomaliza mwana wake wamkulu ndiye anamukakamiza kupita kukliniki. Kumeneko anamupatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, anawapima pa makina a GeneXpert, mawa lake n'kumuitana.

Ndinamupeza atakhala panja, kutali ndi TB corner, kuopa kuonedwa ndi aneba. Khadi la chipatala anali atalipinda n'kulibisa m'Baibulo. Anandiuza zinthu zitatu. Choyamba: "Nachimwa chani ine?" Chachiwiri: "Musauze munthu, napapata." Chachitatu: "Munikhululukire polira, abusa. Niziba kuti mwana wa Mulungu safunika kulira."

Mawu achitatuwa ndi amene anandisowetsa tulo. Munthu wangosenza kumene katundu wolemera, ndipo pamwamba pake wasanjikapo wina: akudziimba mlandu chifukwa cha misozi yake. Ndinadzifunsa kuti, katundu wachiwiriyu anamusenzetsa ndani? Ndikuopa kuti ndi ife, pa guwa pomwe pano.

*Funso lake*

Ife ndife mpingo wokhulupirira machiritso, ndipo sitichita nazo manyazi. Tipitiriza kudzoza odwala ndi mafuta monga Yakobo 5 akutiphunzitsira. Timaphunzitsanso za mphamvu ya lilime, monga Miyambo 18:21 ikutichenjezera, kuti munthu asamadzitemberere ndi pakamwa pake. Zonsezi ndi zoona. Koma chiphunzitso chabwino chikamveka theka chimavulaza. Ena mwa ife tafika poganiza kuti Mkhristu weniweni akamva uthenga woipa ayenera kumwetulira, kufuula kuti "Ndakana!" n'kutuluka m'chipinda cha adokotala ngati palibe chachitika. Wolira timamuona ngati watsegulira mdyerekezi khomo. Wonena kuti "ndikuopa" timamudula mawu: "Iyai, osakamba choncho, bweza mawu amenewo!"

Ndiye funso la sabata ino nali. Munthu akamva kuti ali ndi chifuwa chachikulu, n'kuchita mantha, n'kulira, n'kukwiya, kodi wachimwa? Chikhulupiriro chake chachepa? Ndipo ngati misozi si tchimo, nanga ngozi yeniyeni ili pati?

*Zimene mtima umadutsamo*

Tisanaweruze, tiyambe taona zimene zimachitika mumtima mwa munthu pa tsiku limenelo. Ndakhalapo ndi odwala angapo pa tsiku lotere, ndipo palibe awiri amene anachilandira mofanana.

Ena amangoti kakasi. Anesi akufotokoza za mankhwala, iwo akugwedeza mutu, koma palibe chikulowa. Akafika kunyumba sakumbukira ngati anauzidwa kumwa mapilisi m'mawa kapena usiku. N'chifukwa chake si bwino kukamva zotsatira uli wekha.

Ena amagwidwa ndi mantha a imfa, ndipo manthawo ali ndi pochokera. Amene tinalipo m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka mmene zinkakhalira: munthu ankayamba kutsokomola, n'kuonda, n'kupita. Malemu Winstone Zulu, amene mu 1990 anakhala munthu woyamba m'Zambia muno kunena poyera kuti ali ndi HIV, anataya abale ake amuna 4 chifukwa cha TB. Mabanja ambiri ali ndi manda otere. Ngakhale lero, bungwe la World Health Organization limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 10 miliyoni amadwala TB padziko lonse, ndipo opitirira 1 miliyoni amafa nayo. Woopa TB sakuopa mphepo chabe.

Ena chimene chimawalasa kwambiri ndi manyazi. M'makomboni mwathu dzina la TB siliyenda lokha. Anthu amalimangirira ndi HIV, HIV n'kuimangirira ndi chiwerewere. Kumudzi ena amati ndi mdulo, ena amati wina wamulodza. Mkazi amayamba kuganiza zimene apongozi adzanena. Mnyamata wogwira ntchito m'shopu akudzifunsa ngati abwana amusunga. Amai ogulitsa vitumbuwa ayamba kale kuwerenga makasitomala amene athawe.

Ena amakwiya. Amakwiyira mwamuna wawo, amakwiyira amene anawachedwetsa, amakwiyira Mulungu: "Ndimapereka chakhumi, ndimasala kudya, nanga izi zabwera bwanji?" Ndipo ena, mudabwa, mtima umakhala pansi. Bambo wina anandiuza kuti: "Miyezi itatu nenze kuzunguluka chabe, osaziba chamene chinidya. Manje naziba dzina yake."

Kawirikawiri munthu mmodzi amadutsa m'zonsezi sabata imodzi. Lolemba akuimba, Lachitatu akulira, Lachisanu sakufuna kuona munthu. Mawa lake akuimbanso.

*Mfumu imene inalira*

Tsopano tsegulani 2 Mafumu 20. Hezekiya sanali mwana m'chikhulupiriro. Chaputala 18 chimamuchitira umboni kuti pakati pa mafumu a Yuda panalibe wodalira Yehova ngati iye. Uyu ndi munthu amene atalandira kalata yoopseza kuchokera kwa mfumu ya Asuri, anaitenga n'kukaifunyulula m'nyumba ya Mulungu.

Munthu ameneyu anadwala, ndipo zotsatira zake anazimva kwa mneneri Yesaya mwini: akonze za panyumba pake, chifukwa sadzuka. Anachita chiyani? Anatembenukira kukhoma, anapemphera, analira kwambiri. Mfumu yathunthu, misozi ili chuchuchu.

Manje onani yankho la Mulungu. Yesaya asanapite patali anabwezedwa ndi uthenga wina, ndipo mu uthengawo Mulungu anatchula zinthu ziwiri zimene zinafika kwa Iye: pemphero ndi misozi. Sanamudzudzule chifukwa cholira. Sanamuuze kuti ayambe wapukuta nkhope ndiye akambirane. Misozi inalandiridwa pamodzi ndi pemphero, ndipo Hezekiya anawonjezeredwa zaka 15.

Pali vesi 7, imene alaliki ambiri timaidumpha. Lonjezo la machiritso litaperekedwa kale, Yesaya analamula kuti atenge nkhuyu zoumbidwa pamodzi n'kuziika pa chithupsa cha mfumu. Mneneri yemweyo amene anabweretsa mawu a Mulungu ndiye analamulanso mankhwala. M'nkhani imodzi muli pemphero, misozi, lonjezo ndi mankhwala, ndipo palibe chikulimbana ndi chinzake.

Kumbukiraninso Ambuye wathu. Analira pa manda a Lazaro, akudziwa bwino kuti amuukitsa posachedwa. Ku Getsemane anauza ophunzira ake poyera kuti mtima wake walemedwa ndi chisoni, n'kuwapempha akhale naye maso. Kulira ndi kuvutika mtima kukanakhala tchimo, Yesu sakanakhala wopanda tchimo.

Choncho yankho loyamba ndi ili: mantha ndi misozi ya tsiku lomva uthenga si tchimo, ndipo si muyeso wa chikhulupiriro. Mtima ukamva zoopsa umagunda wokha, supempha chilolezo. Nkhani ya chabwino ndi choipa imayambira pa chimene munthu asankha kuchita ndi manthawo. Mantha angakuthamangitsire kwa Mulungu ndi kukliniki. Mantha omwewo angakuthamangitsire kobisala.

*Pamene pali ngozi*

Ndikudziwa wina akufunsa: "Koma abusa, ndikavomera kuti ndili ndi TB, si ndiye kuti ndailandira? Si munatiphunzitsa kulankhula zimene tikufuna kuona?" Funso ili ndi labwino, tisalithawe.

Pa Genesis 17, Mulungu atalonjeza mwana, Abrahamu anagwa pansi n'kuseka, akuwerenga zaka zake 100 ndi za Sara 90. Anadziwa bwino mmene thupi lake linalili, komabe ndiye amene Paulo amamutcha atate wa okhulupirira. Pa Marko 10, Yesu anafunsa Bartimeyu chimene akufuna. Akanati "ine si wakhungu, ndakana," akanapempha chiyani? Anatchula vuto lake, ndipo analandira. Kutchula dzina la matenda sikuwapatsa ufumu. Davide sanakane kuti Goliati alipo. Anapita kumtsinje kukatola miyala.

Chikhulupiriro chimati: "TB ilimo m'chifuwa mwanga, koma mawu omaliza ndi a Mulungu." Kukana kumati: "Mulibe kanthu," n'kutaya mapilisi m'chimbudzi. Ukamvera kunja zimamveka zofanana, onse awiri akufuula aleluya. Koma kukana, nthawi zambiri, ndi mantha omwe aja atavala suti ya pa Sondo. Mlongo amene analira pa benchi koma n'kulowa kukatenga mankhwala anaonetsa kulimba mtima kuposa munthu amene anatuluka akuimba osabwereranso.

Mvetsani mmene matendawa amayendera, kuti muone chifukwa chake ndikulimbikira. TB imabwera ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene dokotala wa ku Germany, Robert Koch, analengeza kuti wakapeza pa 24 Marichi 1882. N'chifukwa chake tsiku lokumbukira TB padziko lonse ndi 24 Marichi. Kachilomboka kamayenda mumpweya wodwala akatsokomola. Mankhwala a TB wamba amamwedwa miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu 4 ya mankhwala, miyezi 4 yotsatira mitundu 2. M'zipatala za boma ndi aulere. Womwa mokhulupirika mpaka kumapeto amachira.

Msampha wa ife okhulupirira uli apa. Pakapita masabata ochepa munthu amayamba kumva bwino. Chifuwa chimachepa, njala imabwerera, thupi limayamba kudzaza. Amabwera kutsogolo kudzapereka umboni, mpingo ukuomba m'manja, ndipo mumtima mwake mumabwera ganizo lakuti, "Kupitiriza kumwa ndi kukayikira Mulungu." Koma tizilombo tina timakhala tikadali moyo, ndipo timene timachedwa kufa ndi timene tili tolimba. Akasiya, TB imabwerera, nthawi zina itasanduka yosamva mankhwala, imene amaitcha MDR-TB, yovuta kwambiri kuchiza. Ndipo mwana amene angaitenge kwa iye amatenga yosamvayo. Apa nkhani yachoka pa "chikhulupiriro changa ndi Mulungu wanga." Yafika pa mapapu a munthu wina amene sanafunsidwe n'komwe.

Pa Luka 17 Yesu anatuma akhate 10 kwa ansembe. Mwa lamulo la Mose, pa Levitiko 13 ndi 14, ansembe ndiwo ankayang'ana khungu n'kunena ngati munthu wayera. Yesu sanaope kuti chozizwitsa chake chipimidwe. Nafenso tisaope. Kukliniki amapimanso makhololo pakutha kwa mwezi wa 2, wa 5 ndi wa 6. Machiritso enieni saopa kabotolo. Perekani umboni wanu, tidzavina nanu, koma malizani mankhwala mpaka a kukliniki anene okha kuti basi. Ndikunena monga m'busa wanu: aliyense amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala a TB, kaya akudzitcha mneneri, kaya wakupatsani mafuta kapena madzi, sakulankhula m'malo mwa mpingo uno.

*Atumiki awiri*

David Brainerd anali mmishonale ku America, munthu wodziwika ndi kupemphera ndi kusala kudya ali yekha m'nkhalango. Anamwalira ndi TB mu 1747, ali ndi zaka 29 chabe, m'nyumba ya mlaliki Jonathan Edwards. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala. Oyamba ogwira TB, streptomycin, anapezeka m'zaka za m'ma 1940. Ndani mwa ife angaime n'kunena kuti Brainerd anafa chifukwa chochepa chikhulupiriro? Mapilisi amene ena akutaya lero ndi chinthu chimene mibadwo ya oyera mtima inalirira osachiona.

Winanso ndi Oral Roberts, amene ambiri mumamudziwa pa utumiki wa machiritso. Iye ankachitira umboni kuti Mulungu anamuchiritsa TB mu 1935, ali mnyamata wa zaka 17. Munthu yemweyo, atasanjika manja pa anthu osawerengeka, anamanga chipatala mumzinda wa Tulsa chotchedwa City of Faith, chimene chinatsegulidwa mu 1981, chifukwa ankafuna kuti pemphero ndi udokotala zigwire ntchito pamodzi. Wina anafa akukhulupirira, wina anachira akukhulupirira. Zotsatira za matenda si sikelo yoyezera mtima wa munthu.

*"Nachimwa chani ine?"*

Funso la mlongo uja ndi lakale. Pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafuna kudziwa wolakwa, iye kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri, n'kutembenuza maso awo kuchoka pa kufufuza mlandu kupita pa ntchito ya Mulungu imene iyenera kuchitika pa munthuyo.

Akatswiri amati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 4 alionse padziko anakumanapo ndi kachilombo ka TB m'thupi mwake. Mwa ambiri kamangogona osadwalitsa. Mwina ine ndili nako, mwina inu. Kamadzuka thupi likafooka: chifukwa cha njala, HIV, matenda a shuga, mowa, fodya, fumbi la m'migodi. Kamafala kwambiri pamene anthu athithikana mopanda mpweya wokwanira. Nelson Mandela anadwala TB mu 1988 ali m'ndende, analandira mankhwala, anachira. Aliyense amene amapuma angathe kuitenga. Kukliniki adzakupemphani kupimanso HIV. Vomerani, chifukwa akufuna kudziwa mmene angakuthandizireni bwino. TB imagwira amene ali ndi HIV ndi amene alibe, ndipo imachizika mwa onse awiri. Amene ali ndi HIV nawonso ndi abale athu, ogulidwa ndi mwazi womwewo.

*"Musauze munthu"*

Nanga kubisa? Apa tiyende mosamala. Munthu ali ndi ufulu pa chinsinsi chake. Palibe amene ayenera kukakamizidwa kulengeza matenda ake paguwa kapena pa gulu la WhatsApp. Ine sindinauze munthu, ndipo mtsogoleri aliyense amene angatulutse chinsinsi cha wodwala wachimwira wodwalayo.

Koma pali anthu amene nawonso ali ndi ufulu wodziwa: amene mumagona nawo nyumba imodzi, amene mwakhala mukupuma nawo mpweya umodzi. Ayenera kupita kukapimidwa. Ana osafika zaka 5 ndi amene ali ndi HIV ndiwo ali pa ngozi yaikulu, ndipo kukliniki kuli mankhwala owateteza kuti asadwale. Manyazi pa okha si tchimo, monga mantha si tchimo. Koma manyazi angabale tchimo pa tsiku limene usankha kusunga dzina lako poika moyo wa mwana wako pachiswe. Ndinamuuza mlongoyo kuti: "Mpingo sufunika kudziwa lero. Koma amuna anu ndi ana afunika kudziwa usiku uno. Ngati zikulemera, tipitire limodzi." Tinapitira limodzi.

*Mbali yathu*

Tisaloze chala wobisa tisanadzifunse chimene chimamubisitsa. Anthu amabisa pamene aona kuti kunena zoona kudzawadyetsa njoka. Ndi kangati pamene "tiyeni timupempherere" yasanduka njira yoyendetsera miseche? Ndi kangati pamene munthu atatsokomola m'tchalitchi benchi lonse linasendera kumbali? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Desmond Tutu ali mnyamata wa zaka pafupifupi 14 anagona m'chipatala ku South Africa miyezi pafupifupi 20 chifukwa cha TB. Wansembe wina, Trevor Huddleston, ankabwera kawirikawiri kudzakhala pambali pa bedi lake, n'kumubweretsera mabuku. Panthawiyo Tutu anali mwana wa banja losauka, wopanda dzina. Mnyamata ameneyu anadzakhala bishopu wamkulu wa Cape Town, ndipo mpaka ukalamba wake ankakumbukira maulendo aja. Simudziwa amene wagona pa mphasa imene mukuopa kuiyandikira.

Ndiye tichite chiyani?

Choyamba, tiphunzire kukhala chete. Chinthu chabwino kwambiri chimene anzake a Yobu anachita ndi kukhala naye pansi masiku 7 osalankhula. Mavuto anayamba atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake akuvutika. Wodwala akalira, musiyeni alire. Mavesi adzabwera nthawi yake.

Chachiwiri, tisamusale. TB siyenda m'mbale, m'kapu, kapena pogwirana chanza. Kumupatulira mbale yake kumangomupweteka mtima, sikuteteza aliyense. Choteteza ndi kutsegula mawindo, kunyumba, m'tchalitchi ndi mu minibasi momwe. Wodwala kutseka pakamwa potsokomola. Ndi kumwa mankhwala. Munthu akamwa mankhwala oyenera kwa masabata awiri kapena kuposerapo, mpata wopatsira ena umachepa kwambiri. Anesi adzamuuza nthawi yobwerera pagulu, ndipo akabwerera malo ake awapeze.

Chachitatu, tipite ndi kanthu m'manja. Wodwala TB amafunika chakudya, ndipo nthawi zambiri wasiya ntchito kwa kanthawi. Mazira, nyemba, nshawa, kapenta, ufa, ndalama ya basi yopitira kukliniki: uwu ndi utumiki wofanana ndi kusanjika manja. Ndipo mvetserani: mpingo ukalengeza kusala kudya, wodwala TB ndi womasulidwa. Ife athanzi tisale m'malo mwake, iye adye ndi kumwa mankhwala ake.

Chachinayi, wina akhale womukumbutsa mankhwala tsiku ndi tsiku. Miyezi 6 ndi yaitali, ndipo mutu umodzi susenza denga. Dziwaninso izi kuti musadzidzimuke: mankhwala ena a TB, otchedwa rifampicin, amasandutsa mkodzo kukhala wofiirira ngati lalanje. Si magazi, si mivi ya adani, ndi mankhwala chabe. Koma maso akasanduka achikasu, akayamba kusanza kwambiri, kapena kuona kukayamba kuvuta, apite kukliniki tsiku lomwelo. Mapazi akamachita dzanzi auze anesi, pali chothandiza.

Chachisanu, tiyang'anire mtima wake. Kulira masiku oyamba ndi chibadwa. Koma chisoni chikakhalitsa masabata, munthu osadya, osagona, akuyamba kukamba zofuna kufa, musamusiye yekha ndipo musangoti "limba mtima." Ndiuzeni ine, uzaninso a kukliniki. Eliya atapempha kufa pansi pa kamtengo m'chipululu, pa 1 Mafumu 19, Mulungu anayamba ndi kumupatsa chakudya ndi tulo, kenako ndi pamene analankhula naye.

*Pomaliza*

Mlongo uja ali m'mwezi wa 5. Sindinama kuti zonse zayenda mosalala. M'bale wake wina sanapondenso pakhomo pake mpaka lero, ndipo zimamupweteka. Mwezi wa 3 anatsala pang'ono kusiya mankhwala chifukwa anatopa nawo. Amai ena awiri a m'selo yake ndiwo anamugwira dzanja. Koma amuna ake anapimidwa, mwana wamng'ono analandira mankhwala oteteza, ndipo mawu ake oimbira akubwerera. Nditamupempha chilolezo cholemba izi, anati: "Lembani, abusa. Muwauze kuti Mulungu sananitaye pamene nenze kulira."

Ngati inu mukuwerenga izi khadi lanu litabisidwa m'Baibulo kapena pansi pa matiresi, mverani. Simuli wotembereredwa. Lirani ngati Hezekiya, pempherani ngati Hezekiya, ndipo mulole kuti nkhuyu ziikidwe pa chithupsa. Ngati mwatsokomola masabata awiri, mukutuluka thukuta usiku, mukuonda, kapena mwaona magazi m'makhololo, musadikire Sondo ina. Pitani mukapimitse sabata yomwe ino, ndipo mutenge wina akuperekezeni.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaona misozi ya Hezekiya, onani misozi ya ana anu amene amva uthenga wolemera. Chotsani manyazi amene anthu awasenzetsa. Tikhululukireni pamene tinatseka pakamwa pa olira, pamene tinasendera kutali, pamene tinanyamula nkhani za odwala ngati miseche. Tambasulani dzanja lanu lochiritsa pa chifuwa chilichonse chodwala. Dalitsani mapilisi amene akumwa, dalitsani anesi ndi adokotala, ndipo apatseni mphamvu yomaliza miyezi yonse. Tetezani ana m'nyumba zawo. Tipangeni mpingo umene munthu angathe kunenamo zoona osaopa. M'dzina lamphamvu la Yesu Khristu, Amen.

Sabata ino ganizirani munthu mmodzi amene wasowa pa benchi lanu, mumuimbire foni. Tumizaninso uthengawu kwa amene mukudziwa kuti aufuna. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Tionana pa Sondo.